KODI NKHANI YANU YAIFUPI INGALANDIRIDWE BWANJI NDI AKONZI?

Pakati pathu pano pali anyamata ambiri amene ali ndi makope obisa pansi pa matiresi ndi m'masutikesi. M'makope amenewa mulibe masamu kapena sayansi ayi, koma muli nkhani zopeka zimene eni ake amalemba pa nthawi yopuma ndi pa tchuthi. Ena mwa iwo adayesapo kutumiza nkhanizi ku nyuzipepala, nadikira mpaka kutopa, koma osaona kanthu. Lero adataya mtima, ndipo amangoti akonzi ndi atsankho, amasindikiza nkhani za abale awo okha. Inenso ndidali m'gulu lomweli. Tsono ndati ndikugawireniko zimene ndaphunzira, poti mutu umodzi susenza denga.

Ndili Fomu 2 ndidalemba nkhani imene ndinkaiyesa yoposa zonse. Idali ya mnyamata wolemera wa ku London amene adakondana ndi mwana wa mfumu, ndipo mudali mfuti, ndege ndi magalimoto othamangitsana. Ndidailemba tsiku limodzi lokha pa mapepala ong'amba m'kope, kumaso ndi kuseri komwe, n'kuitumiza ku nyuzipepala ina. Kwa miyezi isanu ndinkathamangira ku laibulale sabata iliyonse kukafunafuna dzina langa, koma silidaoneke. Nditatopa ndidakadandaula kwa Bambo amene amatiphunzitsa Chichewa. Iwo adandimvetsera mpaka kumaliza, kenaka adandifunsa kuti, "Kodi mwana wanga, tsamba limene udatumizako nkhaniyo udayamba waliwerenga bwinobwino? Nanga ku London udapitako liti?" Ine ndidangoti kukamwa yasa, kusowa choyankha.

Mafunso awiriwa adanditsegula maso. Mkonzi si mdani wa mlembi. Iye ndi munthu wotanganidwa amene ali ndi tsamba limodzi loti adzaze, pamene nkhani zimene walandira ndi zambiri. Chimene amafuna ndi nkhani yokwana pa tsamba lakelo, yokomera awerengi ake, komanso yosamutayitsa nthawi poikonza. Mlembi akamvetsa zimenezi ndiye kuti wapeza poyambira. Nazi mfundo zimene zingatithandize.

1. Dziwani kumene mukutumiza

Safunsa adadya phula. Musanalembe ngakhale liu limodzi, pezani nyuzipepala kapena magazini imene mukufuna kutumizako, ndipo muwerenge nkhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene zidatulukamo kale. Onani chiyankhulo chake, onani zimene nkhanizo zimakamba, ndipo werengani kuchuluka kwa mau ake. Njira yake ndi yapafupi: werengani mau a m'mizere khumi, mupeze kuti mzere umodzi umatenga mau angati, kenaka muchulukitse ndi mizere yonse. Ine nditachita zimenezi ndidapeza kuti nkhani yanga ija idali yotalika katatu kuposa malo amene adalipo. Ngakhale ikadakoma chotani, mkonzi akadaiika pati?

Kuno kwathu nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, monga Malawi News ndi Weekend Nation, zakhala zikusindikiza nkhani zazifupi kwa zaka zambiri. Magazini ya Moni, imene idayamba mu 1964, nayonso idapatsa alembi ambiri mwayi woonekera koyamba. Malo alionse ali ndi awerengi akeake, choncho nkhani yoyenera kwina ikhoza kukhala yosayenera kwina. Ndipo tisanyoze poyambira pang'ono: magazini ya pa sukulu ngati inoyi ndi bwalo labwino lophunzirirapo kuvina tisanapite ku bwalo lalikulu.

2. Lembani zimene mukuzidziwa

Ambirife timaganiza kuti nkhani yabwino ndi ya kutali, ya anthu olemera ngati a m'mafilimu. Zimenezi ndi zabodza. Munthu akamalemba za malo amene sadafikeko amangobwereza zimene adaonera, ndipo mkonzi amazindikira msanga. Koma mukalemba za kumudzi kwanu, mumadziwa fungo la fumbi mvula yoyamba ikagwa, mumadziwa mmene amayi amakambirana pa mjigo, mumadziwanso mmene bambo amakhalira chete fodya wawo akagulidwa motchipa. Tinthu ting'onoting'ono totere nditimene timachititsa wowerenga kukhulupirira nkhani.

Taonani Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo, limene lidatuluka mu 1933, limakamba za moyo wa munthu wa kumudzi kuno kwathu. Lidapambana mphotho pa mpikisano wa alembi a m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo mu 1934 lidatuluka m'Chingerezi. Azungu adafuna kuliwerenga chifukwa mudali zinthu zimene iwo sakadatha kulemba okha.

3. Nkhani yaifupi ikhale yaifupidi

Nkhani yaifupi si buku lofinyidwa. Siyamba pa kubadwa kwa munthu n'kukathera pa maliro ake. Imatenga vuto limodzi la munthu mmodzi pa kanthawi kochepa. Ampangankhani awiri kapena atatu ndi okwanira. Akachuluka, wowerenga amaiwala kuti uyu ndani. Musanayambe, dzifunseni kuti: kodi mpangankhani wanga wamkulu akufuna chiyani? Chikumuletsa n'chiyani? Akalephera ataya chiyani? Ngati simungathe kuyankha mafunso atatuwa m'chiganizo chimodzi, nkhani yanu sidapse.

Samalani kwambiri ndime yoyamba, pakuti mkonzi wotanganidwa amaweruza nkhani pomwepo. Ambirife timayamba ndi dzuwa likutuluka, mbalame zikuimba, ndi munthu akudzuka n'kukasamba. Tsamba lonse limatha popanda chochitika. Yambani pamene vuto layambira. Mwachitsanzo, m'malo mofotokoza za m'mawa wokongola, mukhoza kuyamba ndi agogo ataima pa khola, chingwe chili m'manja, koma mbuzi imene amati akagulitse kuti alipirire mdzukulu wawo fizi mulibe. Wowerenga afuna kudziwa kuti mbuziyo yapita kuti, ndipo sasiya mpaka atafika pampondachimera.

Chinanso, musamangotiuza kuti munthu adali waumbombo kapena wachisoni. Tionetseni akubisa ndiwo alendo atafika, kapena akusesa pabwalo posesa kale chifukwa chosowa mtendere. Ampangankhani aziyankhulanso monga anthu amayankhulira. Agogo a kumudzi sayankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi.

4. Musalalikire

Apa ndiye pamene ambirife timagwera. Timakonda kutsiriza nkhani ndi ndime yolangiza, yakuti choncho anzanga tisamabe, tizimvera makolo. Phunziro ndi lofunika ndithu, koma lizituluka lokha m'zochitika. Wowerenga si mwana woti mum'tafunire chakudya. Akaona yekha mmene wakuba wavutikira mumtima, phunzirolo limakhazikika kuposa mukamuuza. Zinthu zikafika pothera, ikani cholembera pansi. Pewaninso mathero akuti munthu adangodzidzimuka n'kupeza kuti adali maloto, chifukwa akonzi adatopa nawo.

5. Lembaninso, ndipo werengerani anzanu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani imene mwangomaliza kumene imaoneka yokoma chifukwa mutu ukadali wotentha. Isungeni kwa sabata ziwiri, kenaka muiwerenge mokweza mau. Pamene lilime likukodwa, pamenepo pali chiganizo chofunika kukonza. Chotsani mau obwerezabwereza, ndi miyambi imene mudangoiika pofuna kudzionetsa. Mwambi uli ngati mchere: wochepa umakometsa, wochuluka umaononga ndiwo.

Mukatero, perekani nkhaniyo kwa anzanu awiri kapena atatu amene sangakunyengereni. Musawafunse ngati yakoma, poti aliyense adzati eya. Afunseni pamene adatopa, pamene sadamvetse, ndi pamene sadakhulupirire. Alembi otchuka adakula motero. Mu 1970 ku Chancellor College kudayamba gulu la alembi limene linkakumana kawirikawiri kuwerengerana ndi kudzudzulana pa zolemba zawo, ndipo m'gulu limeneli mudatuluka anthu monga Jack Mapanje ndi Frank Chipasula. Palibe chotiletsa ifenso kukhala pansi pa mtengo Lamulungu masana n'kumachita chimodzimodzi.

6. Samalani kalembedwe ndi maonekedwe

Nkhani yodzaza ndi zolakwika ili ngati mlendo wofika kwa apongozi ndi malaya akuda. Kulemba Chichewa kuli ndi malamulo ake. Chilembo chimodzi chimasintha tanthauzo: "phala" ndi chakudya pamene "pala" ndi zimene timachita ndi mpeni kapena khasu. Timalemba "kulira" osati "kulila", ndipo "kwambiri" ndi liu limodzi. Mukakayika, funsani aphunzitsi kapena tsegulani Mtanthauziramawu wa Chinyanja, buku limene lidakonzedwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba. Wolemba m'Chingerezi nayenso asachite ulesi kutsegula dikishonale.

Masiku ano akonzi ambiri amalandira nkhani pa imelo, choncho itayipeni pa kompyuta. Gwiritsani ntchito zilembo wamba zowerengeka bwino, siyani mpata pakati pa mizere, ndipo ikani manambala a masamba. Munthu wina akayamba kuyankhula, yambani ndime yatsopano. Pamwamba lembani mutu wa nkhani, dzina lanu, keyala kapena nambala ya foni, ndi kuchuluka kwa mau. Musatumize chithunzi cha pepala lolemba pamanja chojambula ndi foni, chifukwa mkonzi alibe nthawi yoti akutayipireni.

7. Potumiza

Kalata yoperekeza nkhani ikhale ya mizere yochepa: moni, mutu wa nkhani, kutalika kwake, ndi mau otsimikiza kuti ndi yanuyanu ndipo sidasindikizidwepo kwina. Musapemphe chifundo, ndipo musaiyamikire nokha. Ngati akonzi adaika malamulo awo, atsatireni onse. Si bwinonso kutumiza nkhani imodzi ku nyuzipepala ziwiri nthawi imodzi, chifukwa ikatuluka konsekonse akonzi onse awiri sadzakukhulupiriraninso.

Nthawi zonse sungani nkhani ina yotsala. Chinua Achebe wa ku Nigeria adatsala pang'ono kulira chifukwa cha zimenezi. Mu 1957 adatumiza buku lake la Things Fall Apart, lolemba pamanja, kwa anthu otayipa ku London, wopanda lina lotsala. Padapita miyezi osamva kanthu, mpaka mkulu wake wa pa ntchito atapita ku London adakawakalipira anthuwo, ndipo m'pamene adalitayipa. Bukuli lidatuluka mu 1958 ndipo lero likuwerengedwa pa dziko lonse. Likadatayika bwenzi zitathera pomwepo. Ine nkhani yanga ya ku London ija sindidaionenso, ngakhale kunena zoona sindiilira.

Choposa zonse, musabe nkhani ya wina, kaya ya m'buku kaya ya pa intaneti. Kusintha maina a anthu ndi malo sikusandutsa nkhani kukhala yanu. Kuno ku Malawi kuli lamulo loteteza ntchito za alembi ndi aluso, ndipo bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziyang'anira zimenezi. Mlembi akagwidwa kamodzi, dzina lake laonongeka.

8. Mukakanidwa

Akonzi ambiri sayankha nkhani imene sadaitenge. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mukhoza kufunsa kamodzi mwaulemu. Mukapanda kumva kanthu, iwerengeninso nkhaniyo, muikonze, n'kuitumiza kwina. Nthawi zina nkhani imakanidwa chabe chifukwa yofanana nayo idatuluka posachedwa. Ngakhale buku la Achebe lija osindikiza ena adayamba alikana. Podikira yankho musakhale manja lende, yambani kulemba ina.

Yesaninso mipikisano. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union, limene lidayamba mu 1995, lakhala likuchititsa mipikisano ya nkhani zazifupi. Kunja kuli mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize, umene kulowa kwake ndi kwaulere. Umafuna nkhani yosasindikizidwapo ya mau 2,000 mpaka 5,000, kuchokera kwa munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo. Ine zanditsalira ziwiri, ndipo ndikuziyesa nthawi yonolera mpeni. Tisaganize kuti Amalawi sangafike patali: Stanley Onjezani Kenani adafika m'ndime yomaliza ya mpikisano wa Caine Prize kawiri konse, mu 2008 ndi mu 2012.

Mwina mukufuna kudziwa mmene zidandithera ine. Nkhani ya agogo ndi mbuzi ija ndi yanga. Ndidailemba kanayi, anzanga atatu adaidzudzula mpaka ndidakwiya nawo tsiku lathunthu, ndipo pa tchuthi ndidaitayipa n'kuitumiza. Patapita sabata zisanu ndi ziwiri idatuluka. Koma nditaiwerenga ndidapeza kuti mkonzi wadula ndime yonse yomaliza, imene ndinkalangizamo achinyamata kuti azilemekeza agogo awo. Ndidathamangira kwa aphunzitsi aja n'kuwauza kuti, "Bambo, andidulira mathero!" Iwo adaiwerenga modekha, naseka, n'kunena kuti, "Sadakudulire mathero ayi, adakuonetsa pamene nkhani yako idathera."

Tsono anzanga, tulutsani makope aja pansi pa matiresi. Sankhani nkhani imodzi, muilembenso, muwerengere anzanu, kenaka muitumize. Inunso makolo ndi aphunzitsi athu, mwana akakupatsani nkhani yake muiwerenge ndithu, ndipo mumuuze zoona. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.