Kadontho kofiira pamfuti ya chifefe

Usiku mukayatsa nyali m'nyumba n'kusuzumira pazenera lagalasi, mumaiona nyaliyo ili panja, ngati yakoloweka mumtengo wa mango, chonsecho ili patebulo pomwepo. Kadontho kofiira kamene alenje a ku America amaika pamfuti ya chifefe kamagwira ntchito chimodzimodzi. Kababu ka LED kamawalira pagalasi lopindika, kuwalako n'kubwerera m'diso, ndiye kadonthoko kamaoneka ngati katera panyama. Panyamapo sipafika kuwala kulikonse ayi. Kampani ya Aimpoint ya ku Malmö, m'dziko la Sweden, inayamba kugulitsa zida zoterezi mu 1975.

Wina anena kuti chifefe chimamwaza zipolopolo ngati mayi akumwazira nkhuku chimanga, nanga kulunjika n'kwa chiyani? Taonetsetsani dzanja la mayiyo. Chimanga chikangotuluka m'dzanja chimakhala chidakali pamodzi, chimabalalika chikafika patali. Tizipolopolo tachifefe n'chimodzimodzi, makamaka kwa osaka nkhukundembo zakutchire, amene amachepetsa dala kukamwa kwa mfuti kuti tizipolopolo tisabalalike msanga, popeza amafuna mutu ndi khosi. Mbalame ikayandikira kwambiri, kuphonya n'kosavuta.

Chifefe wamba chili ndi kamkanda kamodzi kokha kunsonga. Kumbuyo kulibe kanthu kolunjikira, diso lanu ndilo limagwira ntchitoyo. Mtima ukamagunda, tsaya n'kunyamuka pang'ono pamtengo wa mfuti, zipolopolo zimadutsa pamwamba. Kadontho kofiira kamachotsa vuto limeneli. Mutu ungasunthe pang'ono, kadonthoko kamalozabe pamene zipolopolo zikagwere, bola munayamba mwakayesera papepala n'kukakonza. Maso onse awiri amakhala otsegula. Apa ine ndimakayamikira kwambiri, chifukwa zimandiwawa kuona nyama yovulala ikuthawira m'tchire kukafa pang'onopang'ono.

Pa mbalame youluka ndiye ndimakana. Mnyamata wa legeni sayang'ana mphanda, amayang'ana njiwa, manja n'kutsatira okha. Wowombera bakha wouluka ayenera kuyendetsa mfuti mpaka patsogolo pa bakhayo, osaimitsa. Koma chinthu chowala chimakopa diso. Diso likangochoka pa bakha kupita pakadontho, manja amaima, zipolopolo n'kudutsa kumchira. Alipo ena amene anazolowera kukaona kadonthoko chapambali, maso ali pambalame, koma zimenezi zimatenga nthawi yaitali ndi zipolopolo zambiri.