ZOVALA ZATHU: KUCHOKERA KU NYANDA MPAKA KU KAPULANA

Anzathu, chovala si chobisa thupi chokha ayi. Chovala chimanenanso kumene munthu achokera, ndi manja amene anachipanga. M'phunziro lino tiona zimene makolo athu ankavala kuno ku Mecanhelas, m'mene kapulana inatifikira, ndi m'mene osoka a m'mizinda akutengera mavalidwe a kumudzi.

Nyanda ndi machira

Kale anthu a m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta sankagula nsalu. Ankavala nyanda, imene ena amati chiwondo, ndipo Amakhuwa amati nakoto. Munthu ankasenda khungwa la mombo, napala kunja kwake, naliviika m'madzi kuti lifewe. Kenaka ankaliika pa chipika ndi kulisula ndi nyundo ya mtengo mpaka litatambasuka. Wosula mwaphuma ankaboola khungwa. Ntchitoyi inkafuna luso ndi kudekha.

Makolo ankadziwanso kuomba nsalu ya thonje. M'chaka cha 1859 David Livingstone anayenda m'chigwa cha Shire, nafika pa nyanja ya Chilwa. Iye analemba kuti m'midzi ya Amang'anja anaona minda ya thonje, ndi anthu akupota ulusi ndi kuomba nsalu. Nsalu zotere zinkatchedwa machira. Zinali zolimba kwambiri, kotero kuti ankanyamulira munthu pa ulendo. Ndi chifukwa chake chonyamulira wodwala timachitcha machira mpaka lero.

Nsalu zochokera kunyanja ya mchere

Amalonda Achiyao ankapita ndi minyanga ku Kilwa ndi ku Ilha de Moçambique, nabwerako ndi nsalu. Inalipo kaniki, yakuda, yochokera ku India. Inaliponso merikani, yoyera, yochokera ku America. Pang'onopang'ono nsalu za kunja zinachuluka, ndipo anthu anayamba kuleka kuomba.

Kuyambira 1938 mpaka 1961 boma la Apwitikizi linkakakamiza alimi kulima thonje. Thonjelo linkagulidwa pa mtengo wotsika, nkupita ku mafakitale a ku Portugal. Likabwerako linali nsalu ya mtengo wokwera pa sitolo. Mlimi wa thonje ankasowa chovala. Ena anabwereranso ku nyanda.

Kapulana ndi yathu

Kapulana, imene anzathu a ku Malawi amati chitenje, ndi nsalu ya pafupifupi mamita 2 m'litali ndi mita 1 m'lifupi. Imapangidwa ku fakitale. Nanga ikhala bwanji yathu?

Ndi yathu chifukwa cha m'mene amayi aigwiritsira ntchito. Amaimanga m'chiuno popita kumunda. Amaberekera mwana. Amaipinda kukhala nkhata posenza mtsuko. Amafunda usiku. Imapezeka pa chinamwali, pa ukwati ndi pa maliro. Pa 7 Epulo, tsiku la amayi a dziko lino lokumbukira Josina Machel amene anamwalira mu 1971, amayi amavala kapulana yofanana kusonyeza kuti ali amodzi. Fakitale imapanga nsalu, koma tanthauzo lake amapereka ndi amayi.

Masiku ano kapulana yalowa m'manja mwa osoka. Telala wa ku Insaca kapena ku Entre-Lagos amasoka nayo madiresi, malaya a amuna ndi zikwama. Ku Maputo, wosoka wotchuka Taibo Bacar wasokapo madiresi a kapulana ndi kuwaonetsa ngakhale ku Milan, m'dziko la Italy. Nsalu imene ena ankaiyesa ya kumunda chabe, lero ikuvalidwa ndi anthu olemera. Izi ndi zokondweretsa, koma zili ndi vuto lake. Kuti tilione bwino vutoli, tiyeni timve zimene zinachitikira alimi a dziko lina.

Bulauzi ya ku Romania

Romania ndi dziko la ku Ulaya, ndipo anthu ake ambiri akhala alimi ngati ife. Amayi a kumudzi kumeneko ali ndi bulauzi yoyera imene amaitcha ie. Amaipeta ndi singano pa mapewa, pa manja ndi pa chifuwa. Bulauzi imodzi imatha kutenga miyezi. Dera lililonse lili ndi kapetedwe kake, kotero kuti wodziwa amangoona bulauzi nkudziwa kwawo kwa mwini wake.

Anthu a kunja anaisirira bulauziyi. Mu 1940 wojambula wa ku France, Henri Matisse, anajambula mayi atavala ie. Mu 1981 wosoka wa ku Paris, Yves Saint Laurent, anasoka zovala potengera chithunzicho, ndipo sanabise kumene anatenga nzeruyo.

Koma si onse amene amatero. Mu 2017 kampani ya Dior inatulutsa chovala cha chikopa chopetedwa. Anthu a ku Bihor, dera lina la Romania, anadandaula kuti chinali chofanana ndi chimene makolo awo akhala akusoka, koma dzina la Bihor silinatchulidwe. Luso linali la alimi, ndalama ndi ulemu zinapita kwina.

Anthu a ku Romania sanangokhala. Kuyambira 2013, pa 24 Juni chaka chilichonse amavala ie poyera kuti dziko lonse lidziwe mwini wake. Osoka a ku Bihor anayamba kugulitsa zovala zawo pa intaneti m'dzina la kwawo. Mu 2022 bungwe la UNESCO linalemba luso la kupeta bulauziyi m'kaundula wa chuma cha makolo, m'dzina la Romania ndi Moldova.

Nanga ife?

Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. A ku Romania anatha kunena kuti "ichi ndi chathu" chifukwa amayi awo anali asanaleke kupeta, ndipo kapetedwe ka dera lililonse kanali kodziwika. Luso likafa ndi nkhalamba, palibenso mboni.

Ife tinataya kale kuomba machira. Odziwa kusula nyanda atsala ochepa. Komanso telala wathu akulimbana ndi zovala za kaunjika, zimene kuno timati kalamidade. Tikagula kaunjika yekhayekha, makina a telala adzachita dzimbiri, ndipo mwana wake sadzaphunzira kusoka.

Pali zinthu zitatu zimene mudzi uliwonse ungachite popanda ndalama zambiri. Choyamba, tipemphe agogo odziwa kusula nyanda kuti aonetse achinyamata, ndipo wina alembe m'kope njira yake ndi dzina la wophunzitsayo. Chachiwiri, tisamale mitengo ya mombo, tisaimalize ndi makala. Chachitatu, pa ukwati ndi pa chikondwerero tisoketse kapulana kwa telala wa kwathu, ndipo wofunsa timuuze amene anasoka.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwanu ndani adziwa kusula nyanda?
2. Tchulani ntchito zisanu za kapulana pa nyumba panu.
3. Mlendo akatengera kasokedwe ka kwanu nkukagulitsa ku mzinda, ayenera kuchitanji kwa mwini luso?