MOTO WOSAONEKA: ZA CITOFU CA MAGETSI

Kuyambira kale makolo athu amaphika pa mafuwa atatu. Moto wa nkhuni umadziulula wokha, pakuti uli ndi malawi, uli ndi utsi, ndipo usiku umaunika nyumba yonse. Mbaula ya makala nayonso imafiira ndi kuthetheka, kotero kuti ngakhale mwana wamng'ono amailambalala. Koma masiku ano m'nyumba zambiri za ku Lusaka, ku Ndola, ku Kitwe ndi ku Chipata anthu amaphika pa citofu ca magetsi. Moto wa citofu cimeneci ulibe lawi, ulibe utsi, ndiponso sucita phokoso. Ubwino wace wagona pamenepo, pakuti suthimbiriritsa miphika kapena kuliza maso. Kuopsya kwace kwagonanso pomwepo, cifukwa munthu sacedwa kuiwala cinthu cimene maso ace saciona. Akulu anati, "Walira mvula walira matope." Tsono ife amene takondwera ndi magetsi tiyenera kuphunziranso kukhala nao mwanzeru.

Kumene Kutentha Kumacokera

Magetsi ambiri a m'dziko lathu la Zambia amapangidwa ndi mphamvu ya madzi. Pa mtsinje wa Zambezi pali khoma lalikulu la Kariba, limene linatha kumangidwa m'caka ca 1959, ndipo pa mtsinje wa Kafue pali makina ena pa malo ochedwa Kafue Gorge. Madzi akamatsika mwaukali amazunguza makinawo, ndipo makinawo amapanga magetsi. Bungwe la ZESCO, limene linakhazikitsidwa mu 1970, ndilo limatumiza magetsiwo m'mawaya kufikira m'nyumba zathu, m'mene amalowa ndi mphamvu ya mavolti 230.

Citofu cacikulu ciri ndi mbali ziwiri. Pamwamba pali mapuleti, kawiri-kawiri anai, oterekapo miphika. Pansi pali uvuni, ndiyo kacipinda kacitsulo kophikiramo buledi, masikono ndi nyama. M'kati mwa puleti liri lonse ndiponso m'kati mwa uvuni muli waya wopindidwa-pindidwa, wopangidwa ndi zitsulo ziwiri zosanganiza, nikelo ndi kromiyamu. Munthu amene anatulukira citsulo cosanganizaci ndi Albert Marsh wa ku America, ndipo boma la kwao linamlembera umwini wace mu 1906. Wayayu salola magetsi kupita mosabvuta. Monga mitengo iwiri imatentha munthu akamapekesa moto, momwemonso wayayu amatentha magetsi akamadzipanikiza kupitamo. Amatentha kufikira kufiira, koma sasungunuka. Kutenthako kumalowa m'citsulo ca puleti, ndi kucokera m'puletimo kumalowa mumphika.

Puleti Lakuda Si Puleti Lozizira

Nkhuni mukaziphula pamoto, malawi amazima pomwepo. Puleti la citofu siliri tero. Citsulo cace ncocindikala, ndipo cimasunga kutentha kwa mphindi zambiri mutazima kale magetsi. Maonekedwe ace sasintha: puleti lotentha ndi lakuda, lozizira nalonso ndi lakuda. Zitofu zina zatsopano ziri ndi galasi pamwamba ndi kanyali kofiira kocenjeza kuti malowo akali otentha, koma zitofu zambiri za mapuleti acitsulo ziribe kanyali kotere.

Cifukwa cace lamulo loyamba ndi ili: puleti liri lonse muziliyesa lotentha. Musaligwire ndi dzanja pofuna kudziwa ngati lazizira, koma yandikizani kumbuyo kwa dzanja lanu patali pang'ono, ndipo mudzamva ngati likali kutulutsa kutentha. Musaike pa citofu nsaru, mabuku, macisi, mbale zapulasitiki kapena thumba la unga, ngakhale pa nthawi imene simuli kuphika. Citofu si thebulo ai.

Magetsi Akazima

Pali ngozi yina imene makolo athu sanaidziwe pa mafuwa ao. Mvula ikacepa, madzi a m'nyanja ya Kariba amatsika, ndipo magetsi amaperewera. Zotere zinacitika mu 2015, mu 2019 ndiponso pa cilala cacikulu ca 2024, pamene nyumba zambiri zinakhala zopanda magetsi kwa maola oculuka tsiku liri lonse.

Taganizani za nyumba imene mai ali kuphika ndiwo madzulo, ndipo magetsi azima mwadzidzidzi. Maiyo atenga mphika napita nao pa mbaula kunja. Mumdimamo aiwala kubweza copotokola ca citofu pa 0, ndipo mwana aponya kansaru kopukutira mbale pa puletipo. Onse adya nsima napita kukagona. Pakati pa usiku magetsi abwera mwakacete-cete, osagogoda pa citseko. Puleti liyamba kutentha, kansaru kaja kayaka, moto ugwira nsaru ya pazenera, ndipo utsi udzaza nyumba anthu ali m'tulo.

Lamulo laciwiri ndilo lingaletse tsoka lotere. Magetsi akangozima, pitani ku citofu musanacite kanthu kena kali konse, bwezani zopotokola zonse pa 0, ndipo zimaninso swichi yaikulu ya citofu imene iri pakhoma. Usiku uli wonse musanagone, wina wa m'nyumbamo akaone ngati zonse nzozima. Nchito imeneyi angaigwire bwino mwana wa sukulu monga inu. Kumbukiraninso kuti mbaula imene mwathawirako iyenera kukhala panja. Makala oyaka amatulutsa mpweya woipa wopanda pfungo, umene umapha anthu ogona m'nyumba yotseka mazenera.

Madzi ndi Magetsi

Magetsi amayenda mosabvuta m'zitsulo, m'madzi ndi m'thupi la munthu, ndipo nthawi zonse amafuna njira yopitira m'nthaka. Munthu amene waima wopanda nsapato pa simenti yonyowa, nagwira swichi ndi manja amadzi, wadzisandutsa yekha njira imeneyo. Tsono pukutani manja anu musanagwire citofu, ndipo bvalani nsapato pophika. Potsuka citofu, yambani mwazima swichi yapakhoma ndi kudikira kuti cizizire, ndipo pukutani ndi nsaru yofinya bwino. Musathire madzi pa citofu monga mucitira potsuka mtondo.

Kumbuyo kwa citofu kuli waya wobiriwira, kapena wa mizere yobiriwira ndi yacikasu. Nchito yace ndi kutsogolera magetsi osokera kuti apite m'nthaka m'malo mopita m'thupi lanu. Ngati pogwira mphika kapena citseko ca uvuni mumva kunyerenyetsa m'zala, dziwani kuti magetsi ali kuthawira m'citsulo. Musanene kuti, "Citofu cathu cimaluma pang'ono cabe." Zimani swichi yapakhoma, uzani akulu, ndipo asaciyatsenso kufikira mmisiri wophunzira za magetsi atacikonza. Citani cimodzi-modzi mukamva pfungo la mphira wopsya kapena mukaona puleti long'aluka.

Nanga ncifukwa ninji citofu cacikulu ciri ndi waya wace-wace wonenepa ndi swichi yace-yace? Tiyeni tiwerengere. Pulagi wamba wa mano atatu amalola maampu 13. Tikaculukitsa 13 ndi mavolti 230 tipeza mawati 2,990. Koma citofu ca mapuleti anai ndi uvuni, zonse zikayaka pamodzi, cingadye mawati 8,000 kapena kuposa. Waya woonda akasenza katundu wotere amatentha, mphira wace nkusungunuka, ndipo moto umayambira m'khoma kapena kudenga kumene palibe amene aona.

Miphika ndi Mafuta

Sankhani mphika wa pansi posalala, wolingana kukula ndi puleti. Mphika waung'ono pa puleti lalikulu umasiya citsulo cotentha poyera ndipo umaononga magetsi. Zogwirira za mapoto ziloze cammbali kapena kumbuyo, zisatulukire kutsogolo kumene mwana angazifikire ndi kudzikhuthulira phala lowira. Ngati m'nyumba muli ana ang'ono, phikani pa mapuleti akumbuyo, ndipo musaphike mutanyamula khanda m'manja. Pobvundula nsima gwirani mphika ndi nsaru youma, pakuti nsaru yonyowa imapititsa kutentha msanga ndi kuocha zala. Mangani bwino citenje canu, ndipo pindani manja a malaya.

Mafuta ophikira ndiwo amayambitsa moto wambiri wa m'khichini. Madzi amawira pa madigiri 100 kapena kucepera pang'ono, ndipo satentha kupitirira pamenepo. Mafuta alibe malire otere. Amangotenthera-tenthera, nayamba kufuka utsi, ndipo akapitirira kwambiri madigiri 300 amayaka okha popanda macisi. Cifukwa cace musacoke pa citofu pamene muli kukazinga vitumbuwa kapena kapenta, ngakhale mnzanu akuitaneni pabwalo. Mukaona mafuta ali kufuka, zimani puleti msanga.

Mafuta akagwira moto, mtima umathamangira ku ndowa ya madzi, koma kumeneko ndiko kulakwa koopsya koposa. Madzi ndi olemera kupambana mafuta, motero amamira pansi pa ciwaya, nasanduka nthunzi m'kamphindi. Nthunziyo imafuna malo aakulu nthawi pafupi-fupi 1,700 kuposa madzi amene yacokerako, ndipo imamwaza mafuta oyaka kumaso kwanu ndi kudenga. Coyenera kucita ndi ici: zimani magetsi pa swichi yapakhoma, bvundikirani ciwayaco ndi cibvundikiro cacitsulo, ndipo cisiyeni pomwepo kufikira citazizira. Moto sukhala popanda mpweya. Musanyamule ciwaya coyaka kuti muthamange naco panja. Ngati moto wakula, tulukani nonse, tsekani citseko, pfuulani kuitana anansi, ndipo wina aimbe lamya kwa ozima moto pa nambala 993.

Uvuni

Uvuni imafika pa madigiri 250, ndiko kutentha koposa kawiri madzi owira. Musanaiyatse, suzumirani m'kati, cifukwa anthu ena amasungiramo mbale ndi zakudya zotsala. Potsegula citseko cace imani cammbali, kuti mpweya wotentha uyambe watuluka musanaweramitse nkhope. Tulutsani mbale ndi nsaru yocindikala youma. Mafuta odonthera pansi pa uvuni muziwapukuta ikazizira, pakuti akaunjikana amadzayaka tsiku lina. Moto ukabuka m'katimo musatsegule citseko, koma zimani magetsi, ndipo motowo udzafa wokha posowa mpweya.

Musalole mng'ono wanu kukhala kapena kuponda pa citseko cotsegula ca uvuni, cifukwa citofu conse cingapendekeke ndi kumgwetsera miphika yowira. M'miyezi yozizira ya June ndi July musaothe uvuni monga moto wa nkhuni, kapena kuyanikamo zobvala. Inapangidwira kuphika basi.

Cithandizo Coyamba

Munthu akapsya, thirani madzi ozizira oyera pa balalo kwa mphindi 20. Mbvuleni mphete kapena cibangiri malowo asanatupe, koma nsaru imene yamatirira pa khungu musaikoke. Musapakepo mafuta, dzira, mankhwala otsukira mano kapena phulusa, ndipo musaboole matuza, pakuti zonsezi zimalowetsa tizirombo m'bala. Phimbani ndi nsaru yoyera. Ngati bala ndi lalikulu kuposa cikhatho ca wopsyayo, kapena liri kumaso, m'manja kapena pa mwana wamng'ono, pitani naye ku cipatala msanga.

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamkhudze ndi manja, cifukwa adzakugwirani nonse awiri. Thamangani kukazima swichi yaikulu ya nyumba yonse. Ngati simungathe kuifikira, imani pouma ndi kumkankha ndi mtengo wouma, monga mpini wa tsache. Pambuyo pace itanani akulu kuti apite naye ku cipatala ngakhale aoneke ngati ali bwino, pakuti magetsi amasokoneza kugunda kwa mtima.

Citofu ca magetsi ndi wanchito wabwino. Cimapulumutsa mitengo ya m'nkhalango zathu, cimapeputsa nchito ya amai, ndipo sicidwalitsa cifuwa ndi utsi. Koma sicicenjeza munthu monga umacitira moto wa nkhuni. Cimene maso saona, mutu uyenera kukumbukira. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

MAFUNSO

1. Chulani malo awiri kumene magetsi a m'Zambia amapangidwa ndi madzi.
2. Ncifukwa ninji puleti limakhalabe lotentha magetsi atazimidwa?
3. Kodi muyenera kucita ciani poyamba magetsi akazima muli kuphika?
4. Fotokozani cimene cimacitika munthu akathira madzi pa mafuta oyaka.
5. Citofu cina ciri ndi mapuleti awiri a mawati 1,000, limodzi la mawati 1,500, lina la mawati 2,000, ndi uvuni ya mawati 2,500. Kodi onse pamodzi ndi mawati angati? Kodi pulagi wa maampu 13 angasenze katundu ameneyu?
6. Lembani malamulo asanu a citofu pa pepala, ndipo mukawerengere a kwanu.