KODI NDUNA IMAYANKHA KWA YANI?

Anzanga ambiri pano pa seminale, tikamakamba za phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, amaganiza za munthu wogula mabokosi a maliro, wobwereketsa galimoto lonyamula odwala ndiponso wolipirira fizi ana amasiye. Makolo athu kumudzi nawonso amamuyeza phungu ndi muyezo womwewo. Zimenezi si zoipa ayi, koma si zimene timamtumira. Timamtuma kukatiyankhulira, kukapanga malamulo, ndi kukalondoloza boma, ndiye kuti kukafunsa nduna m'mene zikugwirira ntchito ndi kumene ndalama za msonkho zikupita. M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza za kulondolozaku, makamaka pa maunduna awiri: wa za umoyo ndi woona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena. Wina afunsa kuti, "Nanga awiriwa akukhudzana pati?" Kuno kwathu ali ngati mtondo ndi munsi, pakuti gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera ntchito za umoyo limachokera kunja. Kazembe akanyamula katundu wake, posakhalitsa namwino wa kumudzi amayamba kuuza odwala kuti akadzigulire okha mankhwala.

Tiyambe ndi chaka cha 1964. Dziko lino litangolandira ufulu pa 6 July, nduna zingapo zidasemphana maganizo ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, yemwe pa nthawiyo adali Nduna Yaikulu. Zifukwa zidalipo zambiri, koma ziwiri mwa izo ndi zomwe tikukamba pano. China chidali tiki, ndalama ya mapeni atatu imene boma lidalamula kuti wodwala azilipira akapita ku chipatala cha boma. Anthu a kumudzi adadabwa kuti kodi ufulu uja ndi umenewu? China chidali ubale ndi maiko ena. Dr. Banda adafuna kukhala bwino ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, popeza njanji yathu yopita ku doko la Beira inkadzera m'dziko lawo. Koma a Kanyama Chiume, nduna yoona za kunja, pamodzi ndi anzawo ankafuna kuti Malawi aime ndi maiko omenyera ufulu wa anthu akuda, ndiponso alandire chithandizo chimene dziko la China lidalonjeza.

Pa 7 September Dr. Banda adachotsa a Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani adatula pansi maudindo awo, ndipo a Henry Masauko Chipembere atabwerako ku Canada adachitanso chimodzimodzi. Pa 8 ndi pa 9 September Nyumba ya Malamulo idakumana ku Zomba kuti inene ngati ikumkhulupirirabe Nduna Yaikulu. Apa ndi pomwe aphungu adali ndi mpata wofunsa bwinobwino za tiki ndi za Apwitikizi. M'malo mwake ambiri adathera nthawi kutamanda Ngwazi ndi kudzudzula nduna zochotsedwazo, ndipo pomaliza Nyumba idaima ndi Dr. Banda.

Ine ndimaona kuti pa masiku awiri amenewo ndi pomwe Nyumba idataya pakamwa pake kwa zaka 30. Kwa nthawi yaitali Dr. Banda adasunga yekha unduna wa za kunja. Tsono phungu wake uti akadaimirira kufunsa chifukwa chimene Malawi adapanganira ubale wa ukazembe ndi boma latsankho la South Africa m'chaka cha 1967? Amene adayesa kuyankhula za kayendetsedwe ka boma adaona zakuda. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala omwe adali nduna ya za umoyo, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza. Boma lidati ndi ngozi ya galimoto, koma kafukufuku amene adachitika boma litasintha mu 1994 adapeza kuti adachita kuphedwa. N'chifukwa chake pa 8 March 1992, pamene kalata ya maepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi ndi kutchula za kudzaza kwa zipatala ndi kuchepa kwa madokotala, anthu adachita kugwira pakamwa. Zimene zidali m'kalatamo ndi zomwe phungu aliyense akadayenera kufunsa m'Nyumba.

Malamulo oyendetsera dziko amene adayamba kugwira ntchito mu 1994 adabwezera aphungu pakamwa paja. Gawo 96 limati nduna ziyenera kupezeka ku Nyumba ya Malamulo kuti ziyankhe mafunso okhudza mfundo za boma. Izi zimakhudza ngakhale nduna imene si phungu, pakuti Mtsogoleri wa dziko ali ndi ufulu wosankha nduna kunja kwa Nyumba. Yotereyo imalowa, kuyankhula ndi kuyankha, koma siponya voti.

Kafunsidwe kake n'kotere. Phungu amalemba funso lake ndi kulipereka ku ofesi ya mlembi wa Nyumba, ndipo ofesiyo imalitumiza ku unduna. Akuluakulu a ku unduna amakonza yankho, ndipo tsiku likakwana nduna imaliwerenga pamaso pa Sipikala. Yankho lolembedwali nthawi zambiri limakhala losalala, lodzaza ndi mawu akuti "boma likudziwa za vutoli" ndi "ndalama zikapezeka". Pokoma pake ndi pa mafunso oonjezera, chifukwa amenewo nduna siiwadziwiratu. Phungu wokonzeka amafunsa kuti, "Chaka chatha mudati ndalama zikapezeka, ndipo Nyumba ino idavomereza ndalama za ntchito imeneyi. Nanga zidapita kuti?" Apo nduna imayamba kutembenuza mapepala. Mawu onse oyankhulidwa m'Nyumba amalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, kotero kuti lonjezo la nduna silithera m'mphepo ngati pali wina wolikumbukira. Vuto lomwe ndimaliona ndikamamvera zokambirana za aphungu pa wailesi n'lakuti mafunso ambiri ndi ongopempha: chipatala apa, ambulasi apo, nyumba ya namwino uko. Kupempha ndi kulondoloza n'zosiyana. Wopempha amathokoza akalonjezedwa, pomwe wolondoloza amabweranso mawa ndi funso lomwelo.

Ntchito yambiri yolondoloza imachitikira m'makomiti, kutali ndi phokoso la m'Nyumba. Kuli komiti ya za umoyo, komiti yoona za ubale ndi maiko ena, ndi komiti yoona m'mene ndalama za boma zagwirira ntchito. Yotsirizayi kawirikawiri imatsogozedwa ndi phungu wa mbali yotsutsa boma, ndipo imagwiritsa ntchito malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma. Gawo 60 limapatsa Nyumba ndi makomiti ake mphamvu yofufuza nkhani ndi yoitanitsa munthu aliyense, ngakhale wa udindo waukulu, kuti adzayankhe. Komiti ikhoza kupita yokha ku chipatala, kutsekulitsa chipinda chosungira mankhwala ndi kuyerekeza zolembedwa m'kaundula ndi zimene zilipodi.

Chida cholemera kuposa zonse ndi bajeti. Boma silingagwiritse ntchito ndalama popanda chilolezo cha Nyumba, ndipo ndalama za unduna uliwonse zimavomerezedwa pazokha. Apa phungu akhoza kukumbutsa nduna kuti mu 2001 ku Abuja atsogoleri a maiko a mu Africa adagwirizana zopereka 15 peresenti ya bajeti ku ntchito za umoyo, ndipo dziko lathu zaka zambiri lakhala likuperewera pa mlingo umenewo. Aphungu athu adasonyezapo kuti chidachi amachidziwa: mu 2007 ndi mu 2008 a mbali yotsutsa adachedwetsa bajeti kwa miyezi. Koma mkangano wake udali wa gawo 65, lokhudza aphungu osintha zipani. Ndimadzifunsa kuti zikadakhala bwanji khama lomwelo likadaikidwa pa mankhwala a malungo.

Tsono apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Nyumba yathu ikhoza kufunsa nduna, kuichititsa manyazi, ngakhale kuimana ndalama, koma singaichotse. Ku Britain boma likataya chikhulupiriro cha aphungu limagwa, ndipo ndi m'mene zidaliri kuno mu 1964. Masiku ano Mtsogoleri wa dziko amasankhidwa ndi anthu onse, ndipo gawo 97 limati nduna imayankha kwa iye pa kayendetsedwe ka unduna wake. Taonani nkhani ya K6.2 biliyoni zolimbanirana ndi mliri wa Covid-19. Kafukufuku ataonetsa mu 2021 kuti zina mwa ndalamazo zidathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata malamulo, amene adachotsa nduna ya za ntchito mu April chaka chimenecho adali Pulezidenti Lazarus Chakwera, osati aphungu. Chimodzimodzi mu April 2020, pamene nduna ya za umoyo a Jappie Mhango idalengeza m'bindikiro wa masiku 21 popanda kunena chimene ogulitsa tomato ndi oyendetsa kabaza adye, amene adauimitsa adali khothi lalikulu. Komabe gawo 89 limalola Nyumba kuitana Mtsogoleri wa dziko mwini wake kudzayankha mafunso. A Bakili Muluzi adapitako, kenaka mwambowo udazilala kwa zaka zambiri, mpaka a Chakwera adakaima pamaso pa aphungu mu September 2020.

Pa nkhani za maiko ena dzanja la aphungu ndi lalifupi koposa. Mphamvu yosaina mapangano ndi maiko ena ili ndi Mtsogoleri wa dziko, ndipo chimene gawo 96 limafuna kwa nduna n'chakuti zidziwitse Nyumba za mapanganowo. Kudziwitsa si kupempha chilolezo. Pali timakomo titatu tokha tolowera. Pangano silisanduka lamulo la dziko lino mpaka Nyumba italikhazikitsa, malinga ndi gawo 211. Ngongole yakunja imafuna lamulo lovomerezedwa ndi aphungu. Ndipo munthu wosankhidwa kukhala kazembe amayamba waonekera ku komiti yovomereza anthu pa maudindo akuluakulu, yomwe ikhoza kumukana.

Chitsanzo choonekeratu ndi cha Taiwan. Malawi adakhala pa ubale ndi dzikolo kuyambira mu 1966. A Taiwan ndiwo adamanga chipatala chachikulu cha ku Mzuzu, ndipo madokotala awo ankathandiza kumeneko anthu ambiri omwa mankhwala a ma ARV. Pa 28 December 2007 boma la Dr. Bingu wa Mutharika lidapangana ubale ndi China, ndipo pa 14 January 2008 Mayi Joyce Banda, nduna ya za kunja pa nthawiyo, adalengeza za kusinthaku. Madokotala a ku Taiwan adapakira. Sindikunena kuti kusinthaku kudali kolakwa. Maiko ambiri a mu Africa adali atachita kale zomwezo, ndipo China adamanga msewu wa Karonga kupita ku Chitipa. Mfundo yanga n'jakuti Nyumba siinkakumana pa miyezi imeneyo, ndipo sipadachitike voti. Funso lakuti odwala a ku Mzuzu awasiyira yani lidayenera kufunsidwa asanasaine. Choseketsa n'chakuti nyumba yokongola imene aphungu amakumanamo ku Lilongwe, yomwe idatsekulidwa mu 2010, ndi mphatso yochokera mu ubale womwewo umene iwo sadafunsidwe.

Mu April 2011 boma lidathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yodzudzula utsogoleri wa dziko lino itaululika. Pofika July chaka chomwecho Britain adaimitsa chithandizo chake cha ku bajeti, ndipo dziko lidalowa m'nyengo yosowa mafuta, ndalama zakunja ndi mankhwala. Mu January 2025 boma la America lidaimitsa mwadzidzidzi chithandizo chake chambiri cha kunja, ndipo ntchito zolimbana ndi HIV kuno zidagwedezeka, pakuti zimadalira kwambiri ndalama za abwenzi akunja. Chosankha cha ku Washington phungu wathu sangachisinthe. Koma akhoza kuimika nduna ya za umoyo ndi ya za kunja tsiku limodzi, n'kuzifunsa kuti mankhwala otsala akwanira miyezi ingati, ndipo boma laika ndalama zingati zakezake kuti zoterezi zisadzatipezenso manja ali m'khosi.

Ife a kuno ku Mlangeni nkhani ya maiko ena sitichita kuimva pa wailesi yokha. Msewu waukulu wa M1 umayenda m'mphepete mwa malire, ndipo pa msika wa Lizulu ukangooloka msewu uli ku Mozambique. Pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, pomwe othawa nkhondo m'dziko muno adaposa miliyoni imodzi, midzi ya ku Ntcheu ndi ku Dedza idagawana nawo minda, zitsime ndi zipatala. Nkhondo idatha mu 1992, koma abale athu a ku Angonia amabwerabe kudzalandira chithandizo tsidya lino, ndipo palibe namwino wamtima wabwino angabweze mayi woyembekezera chifukwa cha malire. Kolera naye, yemwe adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pakati pa 2022 ndi 2023, safunsa chitupa choyendera.

Ndikadapatsidwa mpata wolembera phungu wa kwathu funso limodzi loti akalipereke kwa mlembi wa Nyumba, sindikadapempha ambulasi. Ndikadalemba kuti: pogawa ndalama ndi mankhwala ku boma la Ntcheu, kodi unduna umawerengera odwala ochokera tsidya la malire? Ndipo ngati suwerengera, nduna ya za kunja idakambiranapo liti za nkhaniyi ndi boma la ku Maputo?