Mmisiri wotchipa adatsala pang'ono kutentha butchala ya achemwali

Fungo lidayamba cha m'ma 4 koloko masana Loweruka lina. Achemwali anga, omwe ali ndi butchala m'dera lina la mzinda wa Lilongwe, ankayesa kuti wina akuwotcha zinyalala kuseri kwa mashopu. Mnyamata wodula nyama ndiye adakweza maso n'kuona kautsi kakutuluka pomwe siling'i idakumana ndi khoma.

Adathamangira pameni switchi n'kuzimitsa, ndipo moto sudabuke. Koma magetsi sadayakenso m'shopumo kwa masiku asanu. Nyama yomwe adapikula Lachisanu ina adaigulitsa motaya, ina adakaikwirira. Alandilodi nawo adabwera ndi funso limodzi lokha: adakulolezani ndani kugwira mawaya a nyumba yanga?

Nkhaniyi idayamba miyezi itatu mmbuyomo. Chipinda chomwe achemwali adachita lendi kale mudali telala, munthu wa makina opalasa ndi mwendo, gulopu mmodzi ndi ayironi. Iwo amalowetsamo mafiliji atatu akuluakulu, mashini odulira mafupa ndi sikelo yamagetsi. Kontrakitala woyamba yemwe adamuitana adayendera chipindacho, adafunsa mashini onse omwe adzalowemo, n'kulemba kotesheni yomwe achemwali ataiona adangoti, “Iii, kodi ndikumanga fakitale?”

Ndiye kudabwera mnyamata wina wa m'dera momwemo, wodziwika bwino pokonza ma ayironi ndi mahotipuleti. Iye adati theka la mtengowo likwana, zipangizo akagula yekha, ndipo pofika mawa madzulo zonse zikhala zikuyaka. Zidayakadi.

Patangotha sabata, bureka, kaswitchi kaja ka m'bokosi la magetsi kamene kamadzigwetsa kokha, idayamba kugwa mafiliji onse akalira pamodzi. Achemwali adamuimbira foni. Mnyamatayo adabwera, adati burekayo ndi yofooka, adaichotsa n'kuikapo ina yaikulu. Siidagwenso. Tonse tidamuyamikira kuti ndi katswiri.

Kontrakitala woyamba uja, yemwe tidachita kumupepesa kuti abwerenso, ndiye adatimasulira zomwe zidachitika. Waya aliyense ali ndi mlingo wa magetsi omwe anganyamule asadayambe kutentha. Wa 1.5mm ndi wa magulopu, wa 2.5mm ndi wa masoketi, pomwe kuka imafuna wonenepa kuposa apo, kawirikawiri wa 6mm. Ntchito ya bureka ndi kudula magetsi waya asadafike popsa. Mnyamata uja adakoka waya wa magulopu kupita kumasoketi a mafiliji, ndipo bureka itayamba kudandaula, adaitseka pakamwa. Kwa miyezi itatu waya ankatentha mwakachetechete m'siling'i, pulasitiki yake ikusungunuka pang'onopang'ono.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikalowa m'saluni, m'lesitilanti kapena mosindikizira mapepala, maso anga amayamba athamangira kukhoma. Zomwe ndimaona n'zofanana: soketi imodzi, ekisitenshoni pamwamba pa ekisitenshoni inzake, nthambo zolumikiza ndi jumbo. Chonsecho pulagi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito kuno imanyamula ma amp 13 okha, omwe pamagetsi athu a 230 volts ndi pafupifupi ma watt 3,000. Zowumitsira tsitsi ziwiri zamphamvu zikayaka pamodzi, malire amenewo apyola kale.

Kuzimazima kwa magetsi kudaonjezera vuto lina. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya pafupifupi ma megawatt 130, ndipo amalonda ambiri adathamangira majenereta, masola ndi ma inverter. Ambiri mwa makinawa adalumikizidwa mwachangu ndi aliyense amene adapezeka ndi pulayazi. Jenereta yolumikizidwa kunyumba popanda changeover switch imatha kubweza magetsi kumawaya a Escom, ndipo akadutsa mutransifoma amakwera kufika ma volt masauzande. Wantchito amene wakwera papholo akudziwa kuti laini ndi yozima angathe kufera pomwepo kaamba ka jenereta ya shopu yanu.

Nanga mwini bizinesi, yemwe sadaphunzire zamagetsi, angadziteteze bwanji?

Poyambira ndi chiphaso. Bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority, lomwe ambiri timangolidziwa polengeza mitengo ya mafuta, ndi lomwenso limapereka ziphaso kwa anthu oika mawaya a magetsi m'nyumba. Ziphasozi zili m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito, choncho amene adaloledwa kuwaya nyumba yogona sikuti basi angawayenso chigayo cha three phase. Satifiketi ya kukoleji ya ntchito zamanja ndi umboni woti munthu adaphunzira, koma chiphaso cha Mera ndicho chilolezo chogwirira ntchitoyo. Pemphani kuchiona, onani dzina ndi tsiku lothera, ndipo ngati mukukayika funsani ku Mera komweko. Samalaninso ndi aja amene amagwira ntchito okha kenako n'kukagula siginecha kwa mnzawo wachiphaso yemwe sadapondeko n'komwe pamalopo.

Musamve manyazi kufunsa komwe adagwirako kale. Pitani mukaone, mucheze ndi mwini malowo iye kulibe. Safunsa adadya phula.

Chachiwiri, mmisiri weniweni amayamba ndi mafunso, mtengo umabwera pambuyo. Mudzaika mashini angati? Amphamvu bwanji? Adzayaka nthawi imodzi? Chaka chamawa mukufuna kuonjezera chiyani? Mayankho amenewa ndiwo amamuuza kukula kwa waya, kuchuluka kwa mabureka, komanso ngati single phase ikukwanirani kapena mukufunika three phase ya 400 volts. Mota ya filiji kapena ya chigayo imakoka magetsi ochuluka kangapo pamene ikudzuka kusiyana ndi pamene ikuyenda, ndipo iye ayenera kuwerengera zimenezo. Amene wangosuzumira pakhomo n'kutchula mtengo, muthokozeni, azipita.

Chachitatu, zonse zilembedwe. Kotesheni ya mzere umodzi yoti “kuwaya shopu” ndi msampha. Ionetse masoketi angati, magulopu angati, waya wa saizi yanji, malolo angati, mtundu wa mabureka, mtengo wa zipangizo paokha ndi wa ntchito paokha, tsiku loyamba ndi lomaliza. Tengani makotesheni atatu. Imodzi ikatsika kwambiri kuposa zinzake, funsani chomwe chachotsedwamo, chifukwa nthawi zambiri chimakhala chinthu chomwe maso saona: waya wa earth, ndodo yamkuwa yokhomera pansi, kapena earth leakage, yomwe imadula magetsi munthu akangogwidwa shoko. M'butchala, m'saluni kapena m'khitchini, momwe pansi pamakhala ponyowa, chipangizo chimenechi ndi chomwe chimapulumutsa wantchito wanu.

Pazipangizo m'pamene ambiri timagwera. Pamsika pali mawaya ooneka ngati amkuwa koma mkati ndi aluminiyamu wongopaka mtundu, ndi ena olembedwa 2.5mm koma oonda kuposa apo. Otere amatentha msanga. Waya wachinyengo amapepuka m'manja, ndipo mukamupala ndi mpeni amaonetsa kuyera mkati. Kaya akugula ndi inu kaya kontrakitala, pitirani limodzi kusitolo yodziwika, tengani lisiti, ndipo muone zomwe zagulidwazo zikulowadi m'mapaipi khoma lisadapakidwe pulasitala. Akangomata, simudzaonanso.

Ndalama perekani m'magawo. Gawo loyamba la zipangizo, lachiwiri mawaya akalowa, lomaliza ntchito ikayesedwa. Kuyatsa gulopu n'kuwomba m'manja si kuyesa ayi. Kontrakitala ayeze ndi mamita ake ngati earth ikugwira, ngati mawaya sakudontha magetsi, ngati earth leakage ikugwa ikadinidwa, inu muli pomwepo. Alembe pabureka iliyonse komwe imapita, akusiyireni chojambula chosonyeza momwe mawaya ayendera, ndipo asayine chikalata chotsimikiza kuti ntchito yatha bwino. Ngati ndi nyumba yatsopano, a Escom amafuna mapepala osayinidwa ndi munthu wachiphaso asadakulumikizeni. Tsiku la ngozi, a inshuwalansi angathenso kufunsa kuti adawaya ndani, ndipo yankho loti “mnyamata wina wake wa kuseriku” silingakuthandizeni.

Koma tisawasenzetse okha amisiri mlanduwu. Nafe eni mabizinesi tili ndi zathu. Timanenerera mtengo mpaka munthu alibe pogwira, kenako n'kudabwa kuti waika zotchipa. Timasintha maganizo ntchito ili pakati, soketi ichoke apa ipite apo, koma osafuna kuonjezera kangachepe. Ena ntchito ikatha foni sayankhanso, mmisiri n'kumayenda miyezi akulondola ndalama zake. Kontrakitala amene adathandiza achemwali adati chomwe chimamupweteka kwambiri n'choti amaitanidwa kawiri: koyamba kudzapereka mtengo womwe umakanidwa, kachiwiri kudzakonza zomwe wina waononga. Pepala losayinirana limateteza mbali zonse ziwiri.

Kwa inu ochita lendi, kambiranani ndi alandilodi musadagwire waya ndi mmodzi yemwe. Gwirizanani polemba kuti alipira ndani, ndipo mukadzasamuka zomwe mwaikazo zidzakhala za yani. Musadasayine n'komwe lendi, lipirani munthu wachiphaso ayendere chipindacho. Nyumba zambiri za m'matauni mwathu zidawayidwa kalekale, eni ake akuganiza za magulopu ndi wailesi, lero tikulowetsamo ma uvuni ndi mashini owotcherera zitsulo.

Achemwali adalipira kawiri: theka lija kwa mnyamata wa ma ayironi, ndi mtengo wonse kwa kontrakitala yemwe adamukana poyamba, kuphatikizapo nyama yotayika ndi siling'i ya alandilodi. Mnyamatayo adabwera kudzapepesa, ndipo ndikukhulupirira kuti sadachite dala, adangochita zomwe ankadziwa. Koma pepani sapoletsa chilonda.

Lero m'butchalamo filiji iliyonse ili ndi bureka yakeyake, yolembedwa dzina ndi maka. Mwezi watha imodzi idagwa m'mawa makasitomala ali pamzere. Mnyamata wodula nyama adatambasula dzanja kuti aikweze, achemwali adamuletsa.

“Isiye kaye iweyo,” adatero uku akusakasaka nambala ya kontrakitala. “Imeneyo ikagwa ndiye kuti ili ndi mawu.”