MWIYO WANDIDYETSA DENGU LA USIPA KU NKHOTAKOTA

Anzanga a pamsika, musandiseke. Ine amene ndimadziwa kunenerera mpaka mwini katundu kulira, ndinaluza dengu la usipa chifukwa cha mbalame!

Zinachitikira kufupi ndi dziwe la Chia, kummwera kwa boma la Nkhotakota, m'mbali mwa msewu wa M5. Ndinalawirira kukadikira maboti. Kusanache bwino, m'kathengo kumbuyo kwa mathandala oyanikapo nsomba munamveka kulira kokoma zedi: "huu-huu" ngati belu, pomwepo "kweee" mosasa. Madala ena osoka ukonde amvekere, "Amenewo ndi a mwiyo, bambo ndi mayi akulonjerana."

Ine makani. Ndati madala, imeneyo ndi mbalame imodzi, makutu ndili nawo. Iwo ati tibetcherane. Ndinavomera.

Tinakhala phee pamchenga pafupifupi ola lathunthu, udzudzu ukutimaliza. Mwiyo sali ngati nthengu amene amatera poyera kuti aliyense amuone. Iye amazemba m'munsi mwa zitsamba, kudumphadumpha, nthawi zina kutsika pansi kutola tizilombo m'masamba owuma. Kenaka uyo! Kumsana bii, mzere woyera paphiko, kumimba koyera modera pang'ono, mlomo wolimba wokhota kunsonga, msinkhu woposa pumbwa pang'ono. Anatukula mutu nati "huu-huu", kenaka duu. Koma "kweee" uja anachokera chitsamba china, kumanzere kwathu. Mbalame ziwiri, anthuni! Mkazi amayankha msangamsanga mwakuti khutu silimva mpata.

Ndiye mukafuna kumuzindikira, yambani ndi khutu, maso pambuyo. Nthengu ndi wakuda thupi lonse, mchira wa mphanda. Pumbwa ndi wodera, chikasu kunsi kwa mchira, phokoso ngati kondakitala. Mwiyo yekha ndiye wa suti yakuda ndi malaya oyera, wamanyazi ngati mkamwini wofika kumene.

Azungu amalipira ndalama zankhaninkhani kudzaona zoterezi. Nkhalango ya Nkhotakota, ya makilomita 1,800 m'bwalo mwake, ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 280. A African Parks anayamba kuiyendetsa mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete. Njovuzo zili ndi mpanda komanso alonda. Nanga mwiyo wa kuseri kwa thandala amulondera ndani?

Ndikufunsa chifukwa nditabwerera patatha miyezi itatu, theka la kathengo kaja linali litapita. Zitsamba zinathera kuwambira nsomba, mitengo inasanduka makala. Ndipo tisanamizane, ogula nsomba zowambazo ndi matumba a makalawo ndife tomwe, kukagulitsa ku Lilongwe ndi ku Kasungu. Mbalame imeneyi siuluka mtunda wautali. Banja limodzi limasunga kathengo kake chaka chonse, chisa chake chili mommo. Mukadula chitsamba mwagwetsa nyumba ya eni ake.

Madala aja ndinawapeza pomwepo, akusokabe ukonde. Anandilozera kachitsamba kaminga kamene anakaniza anyamata kudula, ati akakakhudza aona zakuda. Tinadikira. Dzuwa lili pafupi kutuluka tinamva "huu-huu", ndipo mtima wanga unali m'mwamba mpaka "kweee" anayankha.

Za dengu lija sanaiwale. Anandifunsa ngati ndabwera ndi makani ena.