Mlendo wa kumudzi asangokhala m'nyumba

Acibale akacoka ku Zambia kudzationa kuno ku Britain, nchito za mashifiti zimatilanda nthawi, ndipo mlendo angathe kubwerera kwao ataonera wailesi ya kanema cabe. Mankhwala ake ndi ulendo wa pa galimoto.

Ife tinatenga ambuya ndi amalume kucoka ku London kupita ku Blantyre wa ku Scotland, mtunda wopitirira makilomita 600 kudzera m'misewu ya M6 ndi M74. Kumeneko ndi kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, m'nyumba ya cipinda cimodzi, nayamba nchito pa fakitale ya thonje ali ndi zaka 10.

Ana athu obadwira kuno anamva kwa ambuya kuti mtima wa munthuyu unaikidwa pansi pa mtengo wa mpundu kwa Chitambo mu 1873, ndi kuti Susi ndi Chuma anatsogolera onyamula mtembo wake mpaka ku Bagamoyo.

Mafuta ndi odula, inde. Koma maola 7 m'galimoto limodzi anacititsa adzukulu kuyankha m'Cinyanja. Okalamba sabwera caka ciliconse. Pemphani chuti akadali ndi mphamvu.